Dzina la Apongozi pa Mafunde

Ine ndinalankhulapo ndi munthu wa ku Japan nditavala kabudula wong'ambika, nditakhala pa chigubu, pakhonde la nyumba ya lendi ku Chinyonga. Wokayika akafunse alandilodi anga. Anali pomwepo akusamba kumapazi kuti apite ku mzikiti, ndipo anamva ndi makutu awo Mjapani akundithokoza.

Ntchito yanga ndi yokonza makina a fotokope m'maofesi a m'tauni. Tsiku lina ndili ku Sunnyside, m'nyumba ina yakale imene anaisandutsa ofesi, ndinasuzumira pawindo n'kuona mlongoti wautali kuseri kwa mpanda, mawaya atatambasuka ngati ukonde wa kangaude. Chidwi chinandigwira, ndinakagogoda. Anatsegula achikulire ena a imvi, omwe ankakonza matelefoni asanapume ntchito. Anandilowetsa m'kachipinda konunkha fumbi, n'kupotokola kabatani pa kabokosi kakuda. Munatuluka mkokomo ngati mvula pa malata, ndipo m'kati mwa mvulayo munali munthu akulankhula Chingerezi chopindika.

"Ameneyo ali kuti?" ndinafunsa.

"Kwawo ku Italy," anatero achikulirewo. "Mukufuna ndikupatsireni moni?"

Umo ndi mmene matendawa anandilowera. Si wailesi yoimba nyimbo kapena yolengeza maliro ayi. Ndi ya anthu wamba amene amalankhulana okhaokha, popanda netiweki, popanda mayunitsi. Chofunika ndi kabokosiko, batire, waya, ndi laisensi ya boma. Achikulirewo anandiuza kuti kabokosi kakale ali nako koti angandibwereke, koma wopanda laisensi sagwira maikolofoni m'nyumba mwawo ngakhale atakhala bishopu.

Ndinayamba kuwerenga. Ndinawerenga za magetsi mpaka ndikagwira chitseko cha minibasi kondakitala ankalumpha kuti ndamushoka. Izi zinachitika pa Ginnery Corner, anthu anaona. Ndinawerenga malamulo: osachita malonda pa mafunde a wailesi, osatukwana, osapatsa maikolofoni munthu wopanda laisensi. Ndinaphunzira kulumikiza mawaya ndi mtovu wosungunula, ndipo zala zanga zinapsa mpaka makina a zala a ku banki anandikana kuti si ine. Chimene ndinachikonda kwambiri ndi katchulidwe ka zilembo. Pa mafunde mawu amasokonekera, ndiye sungonena kuti A kapena B, umati Alfa, Bravo, Charlie. Ndinkayeserera m'minibasi kuchokera ku Limbe mpaka m'tauni, kuwerenga chikwangwani chilichonse cha pa shopu. Mayi wina anasamuka pampando poganiza kuti ndikupemphera m'malilime.

Mayeso ndinakhoza, laisensi inatuluka, anandipatsa dzina langa la pa mafunde, la zilembo ndi nambala, ndipo achikulire aja anandibwereka kabokosi kaja. Poitana aliyense amene akumva, timafuula kuti "CQ, CQ." Sabata yoyamba akazi a alandilodi anabwera ndi mtolo wa makiyi akale m'mbale. Anati, "Yesani awa, bambo. Mwakhala mukulira kuti si kiyi, si kiyi, mutu watiwawa."

Akazi anga amagulitsa kaunjika mumsika wa Limbe, ndipo kwawo ndi ku Nsanje. Ndi munthu wosataya mawu. Tsiku lina anaima pakhomo akundionerera.

"Ndiye mukamupeza mzunguyo mumakambirana chiyani?"

"Amandiuza kuti akundimva bwino. Ine ndimamuuzanso kuti ndikumumva bwino."

"Kenako?"

"Timatsanzikana."

"Bola inu," anatero. "Mabanja ena safika pamenepo."

Pofuna kudziteteza ndinkawauza mawu amodzimodzi nthawi zonse: tsiku lina mafoni onsewa adzafa, netiweki idzazima, ndipo tsiku limenelo mudzandithokoza. Ndinawanena mawuwa kambirimbiri mpaka nkhuku za alandilodi zinawaloweza.

Nkhani yonse ya wailesiyi ili pa waya. Ukaukweza m'mwamba, mawu ako amapita kutali. Ndiye ine ndinaukweza. Ndinayamba ndi nsungwi imodzi, kenako ziwiri zolumikiza, kenako ndinakwera mtengo wa mapeyala wa alandilodi n'kumangirira nsungwi pansonga penipeni. Alandilodi, omwe moyo wawo wonse akhala akuyendetsa malole, ankaima pansi atagwira m'chiuno n'kumati, "Mukagwa musagwere pa lole yanga, achimwene." Wayawo unakwera mpaka akhwangwala ankaudutsa chowerama. Ndinalankhula ndi Brazil, India, Germany. Pa Chinyonga ponse panalibe munthu wodziwika kunja ngati ine.

Za apongozi anga ndinene pang'ono. Ndi amasiye, amakhala okha m'mudzi wa pafupi ndi mtsinje, amalima mapira ndi mbatata. Ine ndi iwo timalemekezana monga mwa mwambo. Tikapita kumudzi ndimakhala chapatali, ndimapereka moni nditayang'ana pansi, iwonso amayankha atayang'ana kumbali. Akafuna kundiuza kanthu amauza mwana wawo, ine ndili pomwepo ndikumva. Atamva za wailesi anati, "Uwafunse amuna ako ngati azunguwo amawatumizira mvula." Mkamwini sayankha zotero.

Kenako kunabwera namondwe uja. Apa nthabwala zindithere kaye. Mvula inagwa masiku angapo osakata. Mbali ya phiri inatsetsereka n'kukwirira nyumba za anthu mumzinda momwe muno. Magetsi anazima, madzi a m'mipope anasiya. Tsiku lachiwiri akazi anga anaimbira amayi awo pa kafoni ka mabatani komwe tinawagulira. Anamva mawu ochepa chabe: madzi afika pa nkhokwe, anthu akuthawa. Foni inaduka. Anaimbanso, osalowa. Anaimbira aphunzitsi a m'mudzimo, osalowa. Aliyense wa kuchigwa amene tinkamudziwa, foni yake inali chete.

M'mawa mwake akazi anga anabwera pakhonde maso atatupa. Sananyoze, sanaseke. Anangoti, "Tsiku lanu lija lafika. Yatsani."

Alandilodi anamasula batire ya lole yawo n'kuibweretsa atainyamula pamimba. Ndinalumikiza, kabokosi kanayaka. Ndinaitana. Anayankha munthu wa ku Italy, mawu ake omveka ngati ali kubafa kwathu. Ndinamupepesa, ndinaitananso, ndikutchula Malawi, ndikutchula Nsanje. Anayankha wa ku Spain. Kenako wa ku Russia. Onse ankandiuza kuti akundimva bwino kwambiri.

"Mufunseni ngati amayi ali moyo," anatero akazi anga.

Ndinapotokolanso kabatani.

"Si akukumvani bwino? Mufunseni."

Anatenga ambulera n'kupita m'tauni, pa siteji ya maminibasi a kuchigwa, kukafunsa madalaivala ngati pali amene wakwera kuchokera kumeneko. Ine ndinavala jombo n'kuuyamba wapansi wa ku Sunnyside, poti maminibasi anali ochepa ndipo misewu ina inali mitsinje. Ndinadutsa anthu atanyamula matiresi onyowa pamutu, ena atanyamula makasu kupita kukafukula anzawo.

Achikulire aja ndinawapeza ataima pabwalo, mtengo waukulu utagwera mlongoti wawo n'kuupinda pakati. Wailesi yawo inalibenso ntchito. Ndinawafotokozera.

"Waya wanu uli pati?" anafunsa.

"Pansonga pa mtengo wa mapeyala."

"Ndiye mukudabwa chiyani? Waya ukakhala m'mwamba, mawu amachoka chopendekera, amakagunda kuthambo kutali, n'kukagwera kutsidya kwa nyanja. Nsanje amaidumpha. Utsitseni ufike pamwamba pa mutu wanu pang'ono, muutalikitse, musinthe mafunde mupite apansi. Mawu azikwera chilili n'kugwera pompano, ngati mwathira madzi kudenga. Onse apafupi anyowa."

Anandiuzanso kuti pa chipatala china cha mishoni kumunsi kwa Nsanje pali bambo wokonza majenereta amene ali ndi laisensi ngati ife. Chipatalacho chili pamtunda, ndipo madzi akasefukira anthu a midzi yozungulira amathawira pa tchalitchi ndi pa sukulu ya pomwepo. Mudzi wa apongozi anga uli m'dera lomwelo. "Ngati ali moyo ndipo ali ndi batire, amatsegula dzuwa likakhala pamutu. Pa ngozi ngati iyi lamulo limalola kupereka uthenga wa anthu. Thamangani."

Sindinathamangepo chotero chibadwire. Ndinapitirira njinga yamoto pa Chichiri, wokwerapo anandiyang'ana n'kuzimitsa injini ndi manyazi. Nditafika ndinakwera mtengo uja mvula ikundimenya, n'kumasula zonse zimene ndinamanga chaka chathunthu.

"Mwandithyolera mapeyala chaka chonse kukweza chinthuchi," anatero alandilodi. "Lero mukutsitsa?"

"Gwirani uku, bambo."

Waya unali waufupi. Ndinadula waya woyanikapo zovala wa akazi anga n'kuulumikiza. Popeza kunalibe magetsi, chitsulo chosungunulira mtovu ndinachiotcha pa mbaula ya akazi a alandilodi, pambali pa poto wa nyemba. Tinaukoka wayawo kuchokera pa mpanda mpaka pa chimbudzi, wotsika moti alandilodi anavula chisoti podutsa. Ndinasintha mafunde. Azungu onse anazimiririka. Kunatsala mkokomo wokha.

Ndinaitana, kudikira, kuitananso. Dzuwa silinkaoneka, koma mimba inkandiuza kuti ndi masana. Kenako pansi pa mkokomowo ndinamva mawu aang'ono ngati a munthu ali m'chitsime, Chichewa chopendekera ku Chisena.

"Blantyre, Blantyre, ndikukumvani koma pang'ono. Batire ndabwereka ya ambulansi, akuifuna. Nenani msanga. Over."

Pa mafunde munthu akati over ndiye kuti wamaliza, ulankhule ndiwe. Ndinatchula mudzi wa apongozi, ndinati ndikufuna kudziwa ngati anafika pamenepo.

"A m'mudzi umenewo alipo ambiri, ena sanafike. Anthu adzaza tchalitchi, sukulu, mpaka pansi pa mitengo. Ndipatseni dzina ndikafuule. Dzina lawo ndani? Over."

Ndinatsegula pakamwa. Ine amene ndikhoza kutchula chilembo ndi chilembo dzina la munthu wa ku Poland lopanda mavawelo. Ndinafufuza m'mutu monse. Munali "amayi." Munali "apongozi." Munali "agogo awo a ana." Zaka zonse za ukwati wathu sindinamvepo munthu akuwatchula dzina, ndipo kufunsa dzina la apongozi ndi chinthu chimene munthu woleredwa bwino sachita.

"Simulidziwa?" ananong'ona alandilodi.

"Inu la apongozi anu mumalidziwa?"

"Anamwalira."

"Koma munkalidziwa?"

Anayang'ana kumwamba, kenako pansi. "Ayi."

"Blantyre, mulipo? Over."

Ndinatchula dzina la bambo awo a akazi anga. Bambo uja anati theka la anthu a pamsasapo ndi a dzina limenelo, akafuula adzuka anthu odzaza lole. Ndinayesa kuwafotokoza. Ndinati ndi aatali, owonda, amamanga duku lofiira, amayenda ngati akupita kukakalipira munthu.

"Achimwene," anatero, ndipo sankaseka, "kuno palibe amene watsala ndi duku. Pezani dzina. Mawa nthawi ngati yomwe ino, ngati andibwerekanso batire. Ndatseka."

Mkokomo unabwerera.

Akazi anga anafika chakumadzulo atanyowa mpaka m'mafupa. Palibe minibasi imene inakwera kuchokera kuchigwa, msewu unali utaduka. Ndinaganiza zongowauza kuti sindinapeze munthu. Koma alandilodi anali atauza kale akazi awo, ndipo akazi awo anali pampopi wouma ndi amayi ena. Ndinawauza zonse.

Anakhala pa chigubu changa chija. "Mwalankhula ndi munthu amene waima pamalo pomwepo."

"Eya."

"Akanatha kuyenda pang'ono n'kuwaona."

"Eya."

Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Anangoyang'ana waya wawo woyanikapo zovala uli mlengalenga. Patapita nthawi anati, "Si mlandu wanu. Mukanalidziwa bwenzi ndikudabwa kuti munakulira kuti." Sanadye. Ine ndinadya pang'ono chifukwa cha ulemu kwa nyemba za eni ake, koma sizinatsike.

Mawa lake sanapite kulikonse. Kuyambira m'mawa anakhala pakhonde pafupi ndi kabokosi, osakagwira. Alandilodi analiza lole yawo kuti batire idzaze, n'kuibweretsanso ili yofunda. Masana anafika, mkokomo wokhawokha. Ndinaitana mpaka mawu anasasa. Akazi anga anayamba kupinda ndi kupindula nsonga ya chitenje. Ndinali nditayamba kuganiza kuti ambulansi yapita ndi batire yake pamene mawu a m'chitsime aja anatulukira.

"Blantyre, dzina mwalipeza? Over."

Akazi anga anawerama n'kundinong'oneza m'khutu. Ngakhale iwo, mwana wobala, sakanalitchula mokweza. Linali dzina lalifupi, lokongola, la kamtsikana kothamanga kumadzi. Ndinayenera kulinena pa maikolofoni, chigawo chonse cha kummwera chikumva. Lilime linalemera ngati batire ya loleyo. Ndinalitchula, kenako chilembo ndi chilembo monga ndinaphunzirira m'minibasi, ndipo ndinapeza kuti ndagwada. Sindikudziwa kuti ndinatsika nthawi yanji pa chigubu.

"Ndamva. Dikirani, ndikupita ndekha. Musatseke."

Tinadikira. Mvula inali itasanduka yowaza. Akazi a alandilodi anabwera n'kuima kumbuyo kwa akazi anga, dzanja paphewa.

"Blantyre. Ndafuula m'tchalitchi, ndafuula m'makalasi onse, ndafuula pansi pa mitengo. Palibe wayankha. Pepani. Over."

Ndinayang'ana maikolofoni m'manja mwanga. Pa mafunde ukakhala chete mnzako amatseka. Akazi anga anandilanda. Lamulo lija la laisensi ndimalidziwa bwino, ndinalikhoza pa mayeso, koma ndinangowasonyeza pofinya. Analankhula Chisena chothamanga chimene sindinawamvepo akulankhula m'nyumba mwathu. Ndinatolapo zochepa. Ankati asafuule dzina limenelo, palibe amene amalidziwa kumudzi. Akafuule kuti amake a uje, ndipo anatchula dzina la mwamuna limene sindinalimvepo.

"Ameneyo ndani?" ndinafunsa atasiya kufinya.

"Mchimwene wanga woyamba. Anamwalira ali wakhanda, ine ndisanabadwe. Kumudzi amawaitanabe ndi dzina lake."

Kudikira kwachiwiri kunali kotalika kuposa koyamba. Kuwala kwa pa kabokosi kunayamba kuchepa. Alandilodi anagwira batire ndi manja awiri ngati angaifinye kuti itulutse zotsala.

"Blantyre, Blantyre." Mawu anali akupuma mwamphamvu. "Ndawapeza. Ali m'kalasi la kumapeto, mwendo watupa, anavulala pokwera bwato, koma akudya. Nyumba yapita, mbuzi zapita. Akuti ulendo woyamba anandimva bwinobwino. Akuti iwo sangayankhe mwamuna wachilendo akufuula dzina lawo la utsikana pagulu ngati akuitana mbuzi. Akufunsa kuti wandipatsa dzinalo ndani. Over."

Akazi anga anatulutsa mawu amene sindingawalembe, kulira ndi kuseka zitaphatikizana, n'kugwera m'manja mwa akazi a alandilodi. Ine ndinafinya maikolofoni n'kunena kuti mafunde asokonekera, funso lomalizalo sindinalimve.

"Mwalimva," anatero bambo uja. "Koma musatseke, achimwene. Anthu aona kuti ndikulankhula ndi Blantyre, andizungulira. Ambiri ali ndi abale kumeneko. Mungathe kuyenda?"

Ndinati ndingathe.

"Woyamba ndi wa ku Bangwe. Pali bambo amasoka nsapato pafupi ndi msika, kwawo ndi kuno. Mukawauze kuti akazi awo ali pano ndi mwana wamkulu." Anasiya kulankhula, koma sananene kuti over. Mkokomo unalowa, kenako anabwereranso. "Wamng'ono madzi anamulanda kumsana. Sanapezeke. Mayiyo akuti bambo ake amve kwa munthu, asamve pa msewu. Enawo ndikupatsani mawa. Over."

Ndinabwereza uthengawo monga timachitira, kuti atsimikize kuti ndamva molondola. Anati ndamva molondola, n'kutseka.

Ndinakhala pansi kuvala jombo. Ndinavala lamanzere kumanja, ndinavula, ndinavalanso. M'mabuku onse amene ndinawerenga pokonzekera mayeso munalibe tsamba lonena mmene umaimira pamaso pa munthu wosamudziwa, ali ndi nsapato ya wina m'manja, n'kumuuza zotere. Alandilodi anali atanyamula kale batire kubwerera nayo ku lole, akuti andiperekeza mpaka pomwe msewu ukulola.

Akazi anga anapukuta m'maso, analowa m'nyumba, n'kutuluka atamanga chitenje china chakuda ndi mpango kumutu.

"Inu khalani, mupume," ndinatero. "Simunagone."

"Simungapite nokha," anatero akutseka chitseko. "Mukakachita mantha mukayamba nthabwala. Inu mukapereke moni basi. Zinazo ndikanena ine."